Firiji Yopanda Chitseko

Kadontho kako kaima, Tikambenji.
Lero ndi tsiku lachitatu kali pomwepo
pagalasi long'aluka la foni yanga,
pambali pa chilumba cha dzina lokana lilime.
Ndagula bandulo ina, ndimati mwina ndi netiweki.
Sikanasunthe.

Kuno ku Kanyama ndi Julaye.
Mphepo ikutola mapulasitiki n'kuwapachika pamawaya,
a Daka avala majekete awiri, akutukwana chisanu,
ine ndangoti chete:
mwana wanga ali kumene nyanja imauma gwa ngati simenti.

Zaka makumi atatu ndakhala ndikukonza mafiriji,
kunyengerera chisanu kuti chikhale m'bokosi,
ndi gasi, ndi waya, ndi sipanala,
magetsi akangothima chonse n'kuthawira kunsi kwa chitseko.
Iwe unati, Atate, kuli dziko
kumene chimakhala chokha popanda mita,
ndikufuna ndikachione.

Wolakwa ndine.
Chaka chija ngalande zitatseka,
madzi atalowa m'nyumba kufika m'mawondo,
njira ya ku Soweto itasanduka mtsinje,
ndinagulula chitseko cha firiji
ya kasitomala amene sanabwerenso,
ndinamata mabowo ndi phula,
ndinakuikamo ndi yunifolomu yako, nsapato m'khosi,
thabwa la kireti m'manja.
Ndinkangofuna usaphonye mayeso.
Unafika kusukulu wouma.
Madzulo ndinakupeza ukuwolotsa anzako
pa kwacha imodzi imodzi.
Kenako Kafue.
Kenako Zambezi, alendo akukuwa kutsogolo, iwe kumbuyo ukuwongolera.
Kenako ndege.

Uthenga wako womaliza ndauloweza:
Dzuwa kuno sililowa,
limangozungulira ngati munthu wodzalonjerera ngongole.
Tili anayi, aliyense m'kabwato kake
kowonda ngati khoko la nyemba.
Matuza anaphulika, anaphulikanso, nkhafi yazolowera dzanja.
Dzulo phiri la ayezi linagudubuka,
phokoso lake ngati lole ikukhuthula miyala,
funde linatipeza tisanawerenge khumi.
Namgumi anapuma pafupi nane,
mpweya wake kununkha kapenta wonyowa.
Timagona mosinthana, wina maso ali kumtunda
kudikira chimbalangondo choyera.
Kwatsala makilomita mazana asanu ndi limodzi.
Musadandaule.

Musadandaule, eti.
Amako anasiya kundifunsa,
amangowerenga nkhope yanga ndikamayatsa foni.
Oyandikana nawo akati, nanga mwana uja?
dzina tinakupatsa lija limatibwerera pakamwa.

Magetsi anathima masana.
Firiji ya amai ogulitsa nsomba ikudontha pakona,
tho, tho, tho, ndaika beseni.
Ndatola chibulumwa cha ayezi chotsala,
ndachifumbata kuti ndione
munthu angapirire mpaka pati.
Pa makumi anayi zala zayaka moto,
ndachiponya.
Iwe masabata asanu.

Mwina ndi nkhungu yakutsekerani pagombe.
Mwina mphepo, ndipo muli m'tenti mukusoka magolovesi.
Mwina batire, ngati yangayi.
Mwina wachinayi sindimutchula,
ndamutsekera m'firiji yakufa ndi kuikapo njerwa.

Pakati pausiku magetsi abwera osaodira.
Makompulesa onse adzuka pamodzi,
asanu ndi awiri, kung'ung'udza ngati njuchi m'mphako.
Ndalumikiza foni, ndadikira, ndapukuta galasi ndi malaya.

Kasuntha.
Pang'ono pokha, kutalika kwa njere ya mpunga.
Ndayeza ndi chikhadabo, ndayezanso,
kuopa kuti ndi mng'alu ukundinamiza.
Kadutsa mng'aluwo, kali kumpoto kwake.

Ndagwedeza amako paphewa.
Ayang'ana nthawi yaitali, maso atatsinzina ndi kuwala,
chala chili pakadonthoko ngati akupima malungo.
Ati, koma ameneyu wadya?
Atembenukira kukhoma, akoka bulangeti,
ndipo ndamva mapewa awo akugwedezeka
kufikira minibasi yoyamba italiza hutala.